Chipewa chong'aluka chili pakabati pa amayi

Pamwamba pa kabati ya amayi, pakati pa fulasiki ndi chithunzi cha malemu bambo, pali chipewa cha njinga yamoto chong'aluka kuchokera pachipumi mpaka kukhutu lakumanzere. Alendo akafunsa, amayi amangoti, "Umenewo ndi mutu wa mwana wanga." Akatero amasintha nkhani, nkufunsa ngati tiyi wamveka shuga.

Mwanayo ndi mlongo wanga, chitsirizira m'banja mwathu, amene amachita kabaza kuno ku Liwonde. Tsikulo linali Lachisanu, nyengo ya mango, dzuwa likuswa mtengo. Ananyamula mayi wina pafupi ndi msika kuti akamutsitse kutsidya kwa Shire, cha ku Mangochi Turn-off. Atangowoloka baraji, kutsogolo kunatulukira takisi imene inkapitirira lole, dalaivala wake akuthamangira kukayamba kutola anthu pasiteji mnzake asanafike. Mlongo wanga anayesa kukhotera m'mbali, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Onse awiri anagwa. Iye anamenyetsa mutu paphula, chipewa nkung'aluka, ndipo anathyoka fupa la paphewa. Mayi uja analibe chipewa. Anamwalira patapita masiku awiri, atamutumiza kuchipatala chachikulu, nasiya ana atatu.

Pali chinthu chimodzi chimene amayi sindinawauzebe. Chipewacho mlongo wanga anavala chifukwa anzake anamutsina khutu kuti apolisi apamsewu ali kutsogolo. Masiku ena onse chinkangolendewera pahandulo ngati chikho.

Kumaliro a mayi uja tinapita monga banja. Mawu amene ndinamva kumeneko ndi omwe timanena tonsefe: tsoka silinunkha, linali tsiku lake, Mwini wake watenga. Nanenso ndinanena, chifukwa pasiwa palibe mawu ena oti nkutonthoza nawo ana amasiye. Koma usiku tulo sitinabwere. Anthu awiri, njinga imodzi, phula limodzimodzi, mphindi yomweyo. Wina ali m'manda, wina akubuula ndi phewa kuchipinda. Ngati linali tsiku, nanga bwanji tsikulo linasankha mutu wopanda chipewa?

Ine ndine mphunzitsi, ndipo funso likandigwira silindisiya. Ndinayamba kuwerenga pafoni usiku, ana atagona, mpaka ndalama ya ndiwo ina inathera mu bandulo. Chimene ndinapeza nchakuti funso langalo ena analifunsa kalekale, ndipo mayankho awo ndi amene anasintha kapangidwe ka galimoto iliyonse imene imadutsa pa Liwonde lero.

Nkhani ya chipewa inayambanso ndi maliro. Mu 1935 msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anagwa panjinga yamoto nkuvulala m'mutu, ndipo anamwalira patatha masiku ochepa. Mmodzi mwa madokotala amene anamuona anali Hugh Cairns, katswiri wa maopaleshoni a ubongo. Imfayo inamukhala mumtima. Nkhondo yachiwiri itayamba, anaona kuti asilikali ambiri onyamula mauthenga panjinga zamoto akufa ndi mabala a m'mutu mdani asanawaombere nkomwe. Anawerenga imfazo, nkuyerekeza ovala zipewa ndi osavala, ndipo mu 1941 anasindikiza zimene anapeza. Chaka chomwecho gulu lankhondo la Britain linalamula kuti msilikali aliyense wokwera njinga yamoto azivala chipewa. Lero bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chipewa chabwino, chovalidwa bwino, chimachepetsa chiopsezo cha imfa kopitirira kasanu ndi kamodzi. Mlongo wanga sanamvepo dzina la Cairns, komatu ndi amene anamupulumutsa, mothandizana ndi mantha a chindapusa.

Munthu wina amene anandigwira mtima ndi Hugh De Haven wa ku America. Iyeyu anapulumuka ndege yake itawombana ndi inzake mumlengalenga mu 1917, ndipo moyo wake wonse anangokhalira kufunsa chifukwa chimene iye anatsalira. Mu 1942 analemba za anthu amene anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba zosanja koma osafa. Anapeza kuti thupi la munthu limapirira zambiri ngati kuimako sikuli kwadzidzidzi, komanso ngati mphamvu ya kugundako yamwazika pathupi lonse. Agogo anga, amene ankaumba mbiya nkumakagulitsa ku Ntaja, ankadziwa zimenezi osapita kusukulu: mbiya suiika m'dengu yokhayokha, umayala udzu pansi ndi m'mbali. De Haven ananena kuti munthu m'galimoto ali ngati katundu wosweka amene wapakiridwa mosasamala.

Apa mpamene ndinamvetsa kuti pangozi iliyonse kugunda kumachitika kawiri. Koyamba galimoto imagunda mtengo, nkuima. Kachiwiri inuyo, amene thupi lanu likadali paliwiro lomwe lija, mumagunda chiwongolero, galasi, kapena mutu wa mnzanu wakutsogolo. Kugunda kwachiwiriku ndi kumene kumapha. Lamba amene timamuzemba uja ntchito yake nkukuimitsani limodzi ndi galimoto. Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno anamupanga ndi Nils Bohlin, injiniya wa kampani ya Volvo ku Sweden, mu 1959, ndipo kampaniyo inalola makampani ena onse kukopera osalipira kanthu. WHO imati lamba amachepetsa imfa za okwera galimoto mpaka ndi theka.

Musaganize kuti makampani onse analandira zimenezi ndi manja awiri. Kwa zaka zambiri ankati vuto ndi madalaivala osasamala, ndipo kukamba za ngozi kumathawitsa makasitomala. Galimoto zinkagulitsidwa ndi kukongola ndi liwiro basi. Mu 1965 loya wina wachinyamata, Ralph Nader, anatulutsa buku lotchedwa Unsafe at Any Speed lodzudzula makampani a ku America kuti akudziwa zoopsa za galimoto zawo koma akusunga ndalama. Kampani ya General Motors inatuma anthu kuti azimuzonda, nkhani inaululika, mkulu wa kampaniyo nkukapepesa pamaso pa aphungu. Mu 1966 dzikolo linakhazikitsa lamulo lopatsa boma mphamvu yolamula mmene galimoto iyenera kupangidwira.

Woyamba kutsogolera nthambi yoona zimenezi anali dokotala, William Haddon, ndipo iye ankaiona ngozi ngati mliri, monga momwe timaonera kolera. Kolera ikabuka sitimangodzudzula wodwala kuti sanasambe m'manja. Timayang'ananso chitsime, chimbudzi, ndi kutalika kwa chipatala. Haddon anati tiziyang'ana munthu, galimoto ndi msewu, ndipo chilichonse tizichifunsa katatu: ngozi isanachitike, ikuchitika, itachitika. Tsiku lina ndinatenga choko ana ataweruka nkujambula tebulo lakelo pabolodi, kuikamo ngozi ya mlongo wanga. Dalaivala wothamangira makasitomala chifukwa mwini galimoto akudikira ndalama yake madzulo. Msewu umodzi wogawana malole, njinga zakapalasa, mbuzi ndi ana asukulu. Mutu wopanda chipewa. Anthu achifundo amene anamunyamula mayi uja m'manja ndi m'miyendo, khosi likulendewera, nkumuponya kumbuyo kwa pikiapu. Mabokosi onse anadzadza. Bokosi lolembapo "tsiku lake" silinapezeke. Ndinafufuta msanga ahedi asanalowe.

Chimene chinawakhotetsa kwenikweni makampani ndi manyazi. Mabungwe oima paokha anayamba kugula galimoto m'mashopu, kukhazikamo zidole zokhala ndi zipangizo zoyezera, nkuziwombetsa kukhoma dala, kenako nkulengeza nyenyezi, kuyambira ziro mpaka zisanu. Ku Ulaya ntchitoyi inayamba mu 1997 pansi pa Euro NCAP. Kholo lofuna kugula galimoto linayamba kufunsa nyenyezi lisanafunse mtundu wa penti, ndipo m'zaka zochepa makampani amene ankati nzosatheka anayamba kupikisana kuti apeze zisanu. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Sweden inavomereza mfundo yotchedwa Vision Zero, yakuti munthu adzalakwitsa ndithu pamsewu, koma kulakwitsako malipiro ake asakhale imfa.

Kuno ku Africa mayeso oterewa anafika mochedwa, mu 2017, pamene bungwe la Global NCAP linagwirizana ndi la AA ku South Africa. Zotsatira zake zinandiwawa. Galimoto ya Chery QQ3 inapeza ziro. Chaka chotsatira pikiapu ya Nissan NP300 Hardbody, imene tonse timaidziwa ndipo timaitama kuti ndi chitsulo chenicheni, inapezanso ziro pa chitetezo cha akuluakulu. Mu 2020 anachita kuziwombanitsa maso ndi maso: Hardbody yatsopano yogulitsidwa ku Africa ndi Navara yakale ya 2015 yogulitsidwa ku Ulaya, zonse za kampani imodzi. Vidiyo yake ilipo pa YouTube. Ya ku Africa inakwinyika ngati chitini cha sobo, ndipo akatswiri anati dalaivala wake akanafa, pamene wa mu yakale ija akanatuluka nkuyenda. Ndinawaonetsa malume anga, amene anayendetsa malole zaka zambiri pakati pa Blantyre ndi Mangochi. Anaonera kawiri, nkubweza foni. "Mwanawe, ndiye kuti ifeyo mtengo wathu ndi wotsika?" Sindinawayankhe.

Komabe ambirife sitigula galimoto yatsopano. Zathu ndi za kaunjika wa ku Japan, zimene timasankha pafoni nkukazitenga ku Dar es Salaam. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe la 2020 linati pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, Japan ndi America anatumiza kunja galimoto zakale 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 zilizonse zinabwera ku Africa. Poyamba ndinkaganiza kuti nkhani yake ndi yoipa yokhayokha. Ayi ndithu. Sienta kapena Freed imene yafika kumene imakhala ndi malamba pamipando yonse, ma airbag kutsogolo, mabuleki osamanga matayala, ndi mphuno yopangidwa dala kuti ikwinyike nkumeza mphamvu ya kugunda isanafike kwa anthu. Zaka makumi ambiri za kafukufuku zimatsika pasitima zili zonse. Chimene chimachitika ikafika kwathu ndi chimene chimandimvetsa chisoni.

Makaniko wina amene galaja yake ili pansi pa mtengo, kufupi ndi njanji, anandionetsa ndi maso. Anatsegula takisi ina imene inabwera kudzawotcherera. Malamba akumbuyo anali atawakankhira pansi pa mipando, ena atadulidwa kuti azimangira katundu. Wa dalaivala anali womangidwa kale kumbuyo kwa mpando, kuti kabelu kaja kasamalire. Pa chiwongolero panali chivindikiro cholembedwa bwinobwino kuti airbag, koma atachitsegula mkati munali mbee, mulibe kanthu. "Inaphulika kale iyi, madamu. Yatsopano njodula, ndiye timangomata. Nyale yochenjeza ija timachotsa babu." Matayala anayi anali a mitundu itatu, onse a kaunjika, limodzi losalala ngati mutu wa mpala. Galimoto ya anthu 7 imeneyi imanyamula 11, wina atakhala mpando umodzi ndi dalaivala, giya ili pakati pa miyendo. Injiniya wa ku Japan anawerengera kulemera kwa anthu 7 poyeza mabuleki. Za thumba la mpunga ndi dengu la nsomba zouma pamwamba pa anthu 11 sanazilote.

Makaniko yemweyo sanadziwe za Takata, ndipo ine ndinali nditangowerenga kumene. Kampani imeneyi inapanga ma airbag mamiliyoni ambiri amene, akakhalitsa m'malo otentha ndi a chinyontho, amatha kuphulika mopitirira muyeso nkumwaza tizitsulo kumaso kwa munthu. Makampani a galimoto anaitanitsa galimoto zochuluka zedi padziko lonse kuti akasinthe, ndipo Takata inagwa mu 2017. Kalata yoitanitsa imapita kwa mwini wake woyamba ku Osaka kapena ku Nagoya, osati kwa mwini wachinayi wa ku Ulongwe. Ndipo kutentha ndi chinyontho, inu a ku Liwonde, ndikuuzeninso? Ngati muli ndi galimoto ya ku Japan ya zaka zimenezo, tengani nambala ya chasisi mukafunse kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu umenewo ngati inasinthidwa.

Ziwerengero zikuluzikulu ndingozitchula mwachidule. Lipoti la WHO la 2023 linati ngozi zapamsewu zimapha anthu 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Lipoti la 2018 linayerekeza kuti ku Malawi zimapha anthu 31 mwa 100,000 alionse pachaka, pamene ku Sweden safika atatu. Iwo ali ndi galimoto m'makomo ambiri, ife ambiri tikuyenda wapansi. Ndipo apa pali mfundo imene ochita malonda a galimoto saikamba: oposa theka la anthu amene amafa pamsewu padziko lonse sakhala m'galimoto nkomwe. Ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Nyenyezi zisanu zimateteza bwana ali mkati. Mayi wogulitsa chimanga chootcha m'mbali mwa M3 alibe lamba, alibe airbag.

Iyeyo chimene chingamuteteze ndi liwiro lotsika. Ofufuza anapeza kuti liwiro likakwera ndi 1 peresenti yokha, ngozi zakupha zimakwera ndi 4 peresenti, ndipo woyenda pansi wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pachiopsezo cha imfa choposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa pa 50. Kwa dalaivala, 50 ndi 65 sizisiyana, phazi limangotsamira pang'ono. Msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi atangoukonza tonse tinasangalala, ndipo mpake, chifukwa maenje aja anatitopetsa. Koma msewu wosalala umaitana liwiro, ndipo misika yathu, masukulu athu, mizikiti ndi matchalitchi zonse zinamera m'mphepete mwa phula. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linayesa kuika mahampu, tinjira ta oyenda pansi, zikwangwani ndi malo owolokera pafupi ndi masukulu a pulayimale, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti ana ovulala pamsewu anachepa ndi 26 peresenti. Sizinthu za mabiliyoni zimenezo. Ndi simenti, penti, ndi munthu woti aime kaye nkuona kumene ana amawolokera.

Kwathu kuno kafukufuku aliponso, kungoti amathera m'mabuku a Chingerezi. Mu 2019 madokotala a pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mogwirizana ndi anzawo a ku Norway, anayeza mowa mwa anthu oposa 1,000 amene anafika atavulala pangozi zapamsewu. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atamwa. Chodabwitsa nchakuti gulu limene linatsogola si la madalaivala, koma la oyenda pansi. Ndinaganiza za abambo aja amene amatuluka m'mabala usiku, atavala zakuda, nkumayenda pakati pa msewu wopanda magetsi, malole ochokera ku Chingeni akutsika. Timalalikira dalaivala kuti asamwe, ndipo nzoona, koma wa kachasu wobwerera kwawo wapansi palibe amamuuza kanthu.

Kafukufuku amene ndinamukonda kuposa onse anachitikira ku Kenya. Akatswiri awiri a zachuma a pa Georgetown University, James Habyarimana ndi William Jack, anamata timapepala m'maminibasi ena, ena nkuwasiya. Uthenga wake unali wopita kwa okwera: dalaivala akamayendetsa mosasamala, lankhulani. Atayang'ana mabuku a makampani a inshuwalansi anapeza kuti maminibasi okhala ndi timapepala tija ngozi zawo zinachepa kwambiri, ndipo atabwereza ndi galimoto zochuluka zinachepabe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo. Palibe chitsulo anasintha. Anangopatsa anthu chilolezo chotsegula pakamwa.

Ndinaganiza zoyesa. Tsiku lina ndikuchokera ku Zomba, minibasi yathu inayamba kuuluka pamatsitso aja tikadutsa Machinga boma, dalaivala dzanja limodzi lili pafoni. Mtima unagunda, koma ndinalankhula. "Adalaivala, chonde tachepetsani, tili ndi ana muno." Kondakitala anatembenuka. "Amayi, ngati muli ndi mantha mukanakwera ngolo." Anyamata akumbuyo anaseka. Ndinachita manyazi, ndinalakalaka nditangokhala chete ngati masiku onse. Kenako bambo wina wachikulire wovala mkanjo ndi kofiya, amene anali phee ulendo wonse, anati, "Mwamva zimene anena mayiwa. Ifenso tikufuna tikafike." Mtsikana wina anawonjezera, kenako mayi wobereka mwana. Dalaivala anang'ung'udza, koma foni inalowa m'thumba ndipo singano inatsika. Munthu woyamba amasekedwa, ndinaona. Wachiwiri ndi amene amaimitsa galimoto. Kuyambira tsiku limenelo, wina akayamba, ine ndimakhala wachiwiri.

Mlongo wanga phewa linapola patatha miyezi itatu, koma njinga anaiopa kwa nthawi yaitali. Ankati akatseka maso amamva mayi uja akumuuza kuti amudikire pobwerera. Anayesa ganyu yonyamula matumba, anayesa kugulitsa mayunitsi, sizinayende, ndipo ali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Tsiku lina anabwera kwathu madzulo, nkukhala pakhonde osalankhula. Kenako anati, "Achemwali, ndibwerera pamsewu. Koma mundibwereke ya zipewa ziwiri."

Tinakagula ku Limbe. Kumeneko ndinaphunziranso kuti si chipewa chilichonse chili chipewa. Zina ndi pulasitiki chabe, zopepuka ngati mbale ya ana, zabwino kuonetsa wapolisi basi. Ena amavala za omanga nyumba, zimene zimauluka munthu asanafike pansi. Chenicheni mkati mwake mumakhala chinkhupule cholimba chokhuthala, ndipo ndicho chimaphwanyika m'malo mwa ubongo. Nchifukwa chake chipewa chikamenyedwa kamodzi ntchito yake yatha, ngakhale kunja chikuoneka chabwino. Ndipo chopanda kumanga lamba wake pachibwano nchimodzimodzi kuchisiya kunyumba. Ziwirizo zinandidyera gawo lalikulu la malipiro a mwezi umenewo.

Vuto tsopano ndi makasitomala. Amayi ena amakana, ati chiwononga tsitsi lomwe angomangitsa kumene. Abambo ena amati chikununkha thukuta la anthu ena, ena amati kwatentha, ena amangoti, "Pafupi pompa, ase, pa chipatala pokha." Wokana mlongo wanga samunyamula, ndipo munthuyo amangosuntha mapazi awiri nkukwera njinga ya mnzake. Pasiteji anamupatsa dzina loti Atrafiki. Masiku ena amabwerera kunyumba ndi theka la ndalama imene anzake apeza, ndipo mlamu wanga anandidandaulira kale kawiri kuti chikumbumtima sichigula ufa. Sindimutsutsa, akunena zoona. Panopa anagula kabotolo ka sipiriti ndi kansalu kopukutira mkati, komanso timipango tiwiri tochapa tsiku ndi tsiku toti amayi azifunda kumutu asanavale. Akuti zikuthandizako pang'ono. Ali ndi makasitomala anayi okhazikika, anamwino awiri, mphunzitsi mnzanga, ndi mayi wina wogulitsa nsomba pabaraji amene anaona ngozi ija ndi maso ake.

Mwezi watha mwana woyamba wa malemu mayi uja, mtsikana wa Fomu 2, anaima pasiteji akufuna kupita kutsidya. Mlongo wanga anamuzindikira, mtsikanayonso anamuzindikira. Anayang'anana kanthawi. Mlongo wanga anamupatsa chipewa, mtsikanayo anavala, koma zala zake zinkalephera kulowetsa kachingwe ka pachibwano. Anatsika panjinga nkumumangira yekha, nkukoka kawiri kuti aone ngati chagwira.